Bulogu Inadya Njinga ya a Vitus

Aliyense wondiuza kuti ndiyambe bulogu ayambe wandibwezera njinga ya amuna anga. Ndatopa nazo. Dzulo lomweli Pemphero, mng'ono wawo wa amuna anga amene ali ndi kafe ya intaneti pa boma la Mchinji, anandiimika mumsika. Akuti, "Alamu, lembani za bizinesi yanu ya tomato, dziko lonse liwerenge." Dziko lonse lakelo tinaliona kale ife.

Amuna anga ndi a Vitus. Anabadwira pa esiteti ya fodya ku Chiosya, makolo awo ali matenanti ochokera ku Dedza, ndipo anakula akusoka fodya m'zigafa za eni ake. Chaka chimene kunabwera matipate anagula njinga yakapalasa, nati kulimira munthu wina basi. Njinga imeneyo ndiyo inatilera. Ankamanga shuga pakaliyala kupita naye ku Chipata, pobwera zitenje. Pa boda sankadzerapo. Anali ndi njira yawo yachidule ya m'dambo, ndipo ankaidutsa dzuwa lili paliwombo, a kasitomu ali pa nkhomaliro. Anzawo odalira mdima ankagwidwa, iwo ayi. Ngakhale ine mkazi wawo ndinaidziwa njirayo titabereka kale Natasha ndi mlongo wake. Anali munthu wosunga pakamwa chotero.

Ndiye mu 2008 Pemphero anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi makompyuta otha ntchito, makasitomala alibe. Anayamba kunyengerera achimwene ake kuti atsegule bulogu, tsamba la pa intaneti pomwe munthu amalembapo za moyo wake tsiku ndi tsiku ngati pali amene wamufunsa. A Vitus anakana kwamtuwagalu.

"Iwe Pemphero, ndizilemba kuti lero ndadya mbatata, mawa tayala laphwa? Wofuna kudziwa za ine abwere pakhomo, aodire, ndimupatse mpando. Munthu akamalankhula yekha pamsewu mumati wamisala, akamalankhula yekha pa kompyuta mukuti bulogu?"

Tsiku limenelo ndinawanyadira amuna anga.

Koma Pemphero ndi nkhakamira. Anatsegula tsambalo yekha, n'kuikapo chithunzi cha a Vitus atagwira njinga yawo. Patapita masiku anafika pakhomo ali wefuwefu: "Achimwene, wina wakulemberani!" Pansi pa chithunzicho panali mawu akuti, "Abambo olimbikira ngati awa ndi osowa. Tiuzeni zambiri." Wolembayo anangodzitchula kuti Wokukondani.

Basitu, mutu unazungulira. Munthu amene anakhala zaka zonsezi osayamikiridwa ngakhale ndi kapitawo wa pa esiteti anayamba kuvala malaya akutchalitchi Loweruka lililonse, kukakhala pa kafe. Iwo kulankhula, Pemphero kutayipa ndi zala ziwiri. Analemba za ubwana wawo, za utomoni wa fodya wosachoka m'manja, za kamangidwe ka katundu kuti sipoko zisathyoke. Wokukondani ankayankha nkhani iliyonse, ndipo panalibenso wina woyankha. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga a pa boda sakuvutitsani?"

Nditamva funsolo ndinati, "Bambo a Natasha, ku Mchinji kuno ali ndi intaneti ndani? Ansembe a ku Ludzi, maofesi a pa boma, ndi a pa boda omwewo. Ansembe afune njira ya shuga kuti atani nayo?"

"Mayi a Natasha, inu simudziwa za makompyuta. Ameneyu ndi mzungu wa ku Ulaya, ulemu wake ukuchita kuonetsa."

Mzungu wa ku Ulaya wolemba Chichewa chakwathu konkuno! Ndinakalipa mpaka mawu anasasa, koma ndinkangothira madzi pamsana pa bakha. Loweruka limenelo anafotokoza zonse: dambo lake, mkuyu wokhotera, ndi nthawi ya nkhomaliro ija. Anabwera kunyumba akuseka okha kuti mzunguyo akagoma ndi nzeru za Amalawi.

Lachinayi lotsatira anapeza amuna awiri a yunifolomu atakhala pansi pa mkuyu uja, nkhomaliro yawo atabwera nayo m'makontena. Mmodzi anaimirira, anapukuta m'manja, n'kuwapatsa moni wa manja awiri.

"Ndinu a Vitus, eti? Ndakudziwirani pachithunzi. Bambo, mumalemba bwino zedi."

Shuga anapita, njinga inapita. A Vitus anafika pakhomo wapansi, chipewa chili m'manja. Lero ali pa ganyu pa esiteti yomwe ija ya ku Chiosya, kusoka fodya m'chigafa chimene anathawamo ali mnyamata, ndipo banja lonse likudalira tomato wanga. Ndiye wina azindiuza kuti ndilembe komwe ndimapikula tomatoyo ndi mtengo wake? Asa!

Chimene chikundiwawa kwambiri si Pemphero, si wa yunifolomu uja. Mwezi wathawu Pemphero, wopanda manyaziyo, anasindikiza uthenga watsopano wa Wokukondani n'kuwabweretsera achimwene ake. Akuti, "Bwanji mwasiya kulemba? Takusowani." Ndinkayesa aung'amba pomwepo. Dzana pochapa ndinalipeza pepalalo m'thumba la malaya awo akutchalitchi, atalipinda bwinobwino n'kulikulunga m'kapulasitiki kuti lisanyowe.