Mkamwini Wolambula Manda a Eni

A Fanuel Alufandika anagwira ntchito yozimitsa moto pabwalo la ndege ku Chileka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa shifiti yawo palibe ndege inapsapo. Ena amati ndi mwayi. Alamu awo a Stanford ankati munthuyu amalandira malipiro chifukwa chopukuta galimoto yofiira.

Kwawo kunali ku Mdeka, koma anakwatira chikamwini ku Lirangwe, kwa mayi Dailesi. Mayiwa anazindikira msanga kuti akwatiwa ndi mphuno. Bambo akafika pa tsiku lopuma, buledi kukhwapa, asanapereke moni ankayamba anunkhiza. Kandulo pawindo ayi. Mbaula m'nyumba ayi. Pakhomo panali ndowa ya mchenga yomwe nkhuku zinkasambamo mosangalala. Ana awo anayi, Doreen ndi ang'ono ake, aakazi okhaokha, anaphunzira kugubuduzika pansi pozimitsa moto wa pa zovala asanaphunzire kusinja. Koma mwana akadwala, amene ankamubereka kumsana ndi chitenje mpaka kuchipatala anali bambowo, amuna anzawo pabawo akuyang'ana kumbali.

Chomwe chinkaseketsa mudzi chinali china. Chaka chilichonse mu Julaye, udzu ukauma, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire, a Fanuel ankatenga khasu n'kulambula kuzungulira manda onse a m'mudzimo. Mzere wake mikono itatu, woyera ngati bwalo la sukulu. Okha, masiku anayi.

"Alamu," ankatero a Stanford ali panjinga, phazi limodzi pansi, "mukusesera nyumba yomwe simudzagonamo. Mkamwini akafa amabwerera kwawo."

"Moto sufunsa kuti wagona apa ndani, alamu."

"Nanga akufawo akuopa kupsa?"

A Fanuel ankangolavulira m'manja n'kupitiriza.

Anapuma pantchito, shuga n'kuwapeza, ndipo anamwalira mu Ogasiti chaka chatha, patatha milungu itatu atalambula komaliza. Mmawa mwake achemwali awo a Lucia anatsika minibasi ndi amuna awiri a ku Mdeka, galimoto yonyamula bokosi atakambirana kale. Mwambo unali kumbali yawo, ndipo aliyense pasiwa ankadziwa.

Mayi Dailesi sankafuna. Ku Mdeka si kutali, koma ndi miyendo yawo yotupayo ankadziwa kuti akapitako tsiku loika maliro, mwinanso pa chiliza, basi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankadikira bamboyu kuti abwere kuchokera ku Chileka. Sankafuna ayambenso kukhala kwina.

Kukangana sanakangane. Mayiwa mkamwa mwawo ndi mozizira, koma si opusa. Amuna ali mkati mokambirana pansi pa mtengo wa mango, iwo anakoka a Lucia pa chitenje.

"Alamu, ndiperekezeni. Miyendo yauma n'kukhala."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa manda. Sabata imeneyo osaka mbewa anali atatentha kale. Kuchokera kumsewu kunali bii, phulusa lokhalokha, mpaka pa mzere wa khasu. Kuseri kwa mzerewo mitengo ili ndi masamba, mitanda yamatabwa ili chilili, ngakhale nkhata zakale zapulasitiki zosasungunuka.

A Lucia anayang'ana nthawi yaitali. Kalimidwe ka mchimwene wawo ankakadziwa, kosasiya ngakhale chiputu.

"Kwanu ku Mdeka manda anapsa liti, alamu?" anafunsa mayi Dailesi ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Chaka chatha."

"Oo."

"Ndi chinacho. Mtanda wa amayi tinachita kukhoma wina."

"Ndiye bambo a Doreen mukawagoneke pamenepo? Munthu uja mukumudziwa. Azikadzuka kumanunkhiza."

A Lucia anaseka, kenako analira, kenako anamina. Pobwerera anapita okha pansi pa mango paja, nagwada, n'kunena kuti galimoto ibwezedwe.

Anatsala ndi a Stanford, amene monga mwini mbumba anayenera kuvomera kuti mlendo agone pakati pa makolo awo. Anayamba za mwambo, akukanda m'mutu. Mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda, anawadula.

"A Stanford, inu khasu lanu linafikako liti kumanda kuja?"

A Fanuel anaikidwa Lachinayi, chakumapeto, pafupi ndi mzere wawo. Anzawo a ku Chileka anabwera mu yunifolomu, nsapato zikuwala, naimika sawasha popereka ulemu. Atsikana a m'mudzi anayang'ana kwambiri kuposa mmene maliro amafunira.

Julaye wa chaka chino mayi Dailesi anatulutsa khasu lija, nalinola, nakaliyedzeka pakhomo pa achimwene awo osanena kanthu. Linakhala pamenepo masiku asanu ndi limodzi. La chisanu ndi chiwiri a Stanford anaoneka kumanda, akutukwana udzu. Mzere wawo ndi wokhotakhota, mwina mkono umodzi ndi theka. Mayi Dailesi anakauyeza ndi mapazi, nati aonjezere.