Khutu la a Hezron ndi makina a m'balani

Pa esiteti ina ku Henga, a Hezron Msowoya anaumitsa fodya m'balani zaka makumi awiri, akuyeza kutentha ndi khutu lawo lamanzere. Ankangolowetsa mutu pakhomo, basi. Khutulo linawauka mpaka agalu ankalilondola ngati kanyenya.

Mu 1989 bwana wa esitetiyo anagula makina oyendetsa kutentha, olamulidwa ndi kompyuta kudzera pawaya. Amene anabwera kudzawatchera anali a Fraser a ku Limbe, a tayi yofika m'maondo. Atafunsa nambala ya kutentha koyenera, a Hezron anatchula ya pa themometa yawo yakale, osadziwa kuti makinawo amawerenga madigiri amtundu wina. A Fraser anataipa, nakhala pansi kumwa tiyi.

Posakhalitsa a Hezron analowetsa mutu, khutu n'kuchita thethethe.

"Achimwene, zimitsani! Fodya wa chaka chonse akupsa uyu!"

"Makina sanama, madala."

"Nanga khutu langali linanamapo liti?"

A Fraser atasuzumira m'balanimo, tayi inapiringizika ngati nyongolotsi, nathamanga kukasintha nambala. Fodya anatuluka wachikasu, wokongola chomene.

Nyengo yonseyo a Fraser sankataipanso lamulo asanafuule kuti, "Adada, khutu likuti bwanji?"