Nthanda ya Bambo Alifeyo

Bambo Alifeyo a ku Limbuli, mlonda wa pa esiteti ya tiyi, anadziwa nyenyezi ali aang'ono, pamene amayi awo ankazitsata usiku pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Atapuma pa ntchito, mwana wawo Florinda anawagulira foni. Ankaigoneka pa mtondo wovundikira kuti isagwedezeke, n'kumajambula mlalang'amba pamwamba pa phiri, ndi Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha.

Mwana wa nyumba yoyandikana atadwala, anthu anayamba kunong'ona kuti nkhalamba yoima panja usiku, maso ali kumwamba, ikudikira anzake ouluka pa lichero. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha kuona zithunzizo. Florinda, poopa kuti awatenthera nyumba, anazifufuta zonse n'kubisa foniyo.

"Mwachita bwino, mayi," anatero bambo akewo, "koma chija cha Nthanda mukanandisiyira."

Wodwalayo anachira malungo ake, ndipo onong'ona aja sanapepese. Lero ng'ala yaphimba maso a Bambo Alifeyo. M'bandakucha Florinda amawatulutsa panja, iwo n'kufunsa kuti, "Yatuluka?" Iye amavomera, ngakhale sadziwa kuti Nthanda ndi iti, pakuti sanawafunse maso awo akadali kuona.