Mjigo Umene Tinasankha ndi Chala

Ndikukumbukira kulira kwa kamakina kaja: ting! Kankalira ngati supuni ikagunda kapu. Ndinali ndi zaka khumi, ndikukhala ndi agogo kumtunda kwa Kande makolo anga atamwalira. Madzi tinkatunga kumtsinje, kutali, ndipo mawondo a agogo anali atayamba kukana.

Tsiku lina anthu a bungwe lina anabwera kutchalitchi ndi tabuleti, foni yaikulu ngati buku. Mnyamata wa ku Lilongwe amene anainyamula anafotokoza kuti mjigo ukumbidwa pamalo amene ife tisankhe. Pagalasi panali zithunzi ziwiri: mtengo wa mango wa pafupi ndi kwathu, ndi mphambano ya kumsewu.

Agogo anaopa kukhudza, choncho ndinawagwira chala n'kudina pa mango. Ting! Panatuluka mawu akuti, "Zikomo! Malo anu akutsogola." Nditawawerengera, anakaombera m'manja kamakinako.

"Yewo, ada," anatero, kukathokoza m'chiyankhulo chakwathu ngati ndi munthu wamkulu.

Ine sindinachoke. Ndinaima kumbuyo kwa mnyamatayo n'kumasuzumira. Mayi wina wa kumsewu anadina pa mphambano. Ting! "Zikomo! Malo anu akutsogola." Aliyense anabwerera kwawo atapambana. Ndinaziona, koma ndinakhala chete, poganiza kuti wosamvetsa ndi ine.

Sabata yomweyo agogo anagulitsa thadzi lathu lokhalo n'kugula mbewu ya tomato ndi mpiru, nafesa kuseri kwa nyumba. Ankati madzi akafika pakhomo, dimba lidzandigulira yunifolomu.

Galimoto yokumba itabwera inaima kumsewu. Mmodzi wa okumbawo anandiuza, akudya chinangwa chootcha, kuti malowo anawapima kale tabuleti isanabwere, chifukwa galimoto yawo singakwere chitunda cha kwathu. Mbande zinauma imodzi ndi imodzi. Agogo sanakalipe, ankangofunsa ngati chala chawo chinaphonya.

Lero ndikudziwa kuti batani lija silinapangidwe kuti litimvere, koma kuti tisadandaule. Akanatiuza poyera kuti mjigo upita kumsewu, thadzi lathu likanakhalapo. Ndipo ine ndikanayankhula tsiku lija, likanakhalapobe.

Pa mwambo wotsegulira mjigo ndinamupeza mnyamata uja pafupi ndi galimoto. Ndinamufunsa motsitsa ngati chala cha agogo chinawerengedwa.

"Aliyense anawerengedwa, mfana," anatero, maso ali pafoni.

Anapisa m'katoni, nandipatsa chipewa cholembedwa kuti "Tinasankha tokha." Kenako anatseka chitseko, galimoto n'kunyamuka.