Mpando wa Woimbidwa Mlandu

Akazi awo a atelala anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sanachisiye mpaka imvi. Munthu akabwera kudzaneneza mnzake, iwo sankathamangira kuweruza. Ankadzuka pa mpando wawo, n'kuukokera kwa wonenezedwayo kuti akhalepo, eniakewo n'kuimirira pambali, manja kumbuyo. Ankati munthu woimirira pakati pa anthu okwiya amalankhula ndi mawondo, poti ndi amene amanjenjemera. Akhale kaye pansi kuti alankhule ndi pakamwa.

Atelala anayamba kuchiona chizolowezichi pakhomo pawo pomwe, ana akakangana za galasi losweka. Iwo ankangoimitsa makina osokera, n'kusuzumira pamwamba pa magalasi awo a maso. Sankalowerera. Ankadziwa kuti chakudya chichedwa, chifukwa ophika aimirira pabwalo la milandu.

Mayiwo anali mphunzitsi ku sekondale, ndipo ankaphunzitsa ana a kalasi yomaliza za malamulo ndi ufulu wa nzika. Zaka zoyamba, akafika pa mutu wa makhoti ndi ndende, theka la kalasi linkawodzera. Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope ili ngwee, n'kupempha amuna awo kuti awasokere mkanjo wa woweruza. Atelala analumikiza zotsala za mabuluku akuda, pakhosi n'kuikapo kansalu kofiira. Kuyambira pamenepo kalasi ija inasanduka khoti. Tebulo la aphunzitsi linali la woweruza, desiki logonekedwa chammbali linali poimira mboni. Milandu inali yopeka: wina waba njinga, wina waledzera n'kugwetsa mpanda wa eni. Ana ankalimbirana maudindo mpaka kugwirana malaya. Ulendo wina mayiwo anawatengera kukhoti lenileni, ndipo anabwerako akunong'onezana za bambo wina amene analira pamene ankamumanga unyolo. Kuwodzera kunathera pomwepo, ndipo anawo anawapatsa mphunzitsi wawo dzina loti Mayi Mpando.

Ndiye chaka china, mayeso atayandikira, belu la sukulu linasowa. Linali belu lam'manja, lamkuwa, lachigwiriro chogwedera, ndipo linkakhala pawindo la ofesi. Dzuwa lisanafike pamutu, sukulu yonse inali itadziwa kale wakuba: mnyamata wina wa kalasi yomaliza yemwe ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Ahedi anamuitanitsa ku ofesi n'kumuuza kuti atole mabuku ake aone msana wa njira. Kuchotsedwa nthawi imeneyo kunkatanthauza kuti mayeso sadzalemba, zaka zonse za sekondale n'kupita ndi madzi.

Mayi Mpando anali mu ofesimo. Anadzuka, n'kumukokera Wailesi mpando. Kenaka anawafunsa ahedi ngati panali munthu amene anaona belulo m'manja mwa mwanayu. Ahedi anati aliyense akudziwa. Mayiwo anapempha kuti ngati aliyense akudziwa, aliyenseyo abwere adzanene pamaso pa khoti la ana. Ahedi anaseka, koma analola. Anati khotilo likamupeza wolakwa, achoka tsiku lomwelo ndipo pasadzapezeke wodandaula. Likamumasula, iwo asamba m'manja.

Atelala anamva zonsezi madzulo, akazi awo atawabweretsera mkanjo uja utang'ambika kukhwapa. Anawafunsa ngati mwanayo sanabedi. Mayiwo anati sakudziwa.

"Ndiye mukumuikira khosi bwanji, amayi?"

"Sindikumuikira khosi, bambo. Ndikungomuikira mpando."

M'mawa mwake atelala anatseka shopu, zimene sankachita wamba, n'kukapereka okha mkanjowo. Anapeza holo ya sukulu itadzaza, ana ang'onoang'ono atakwera m'mawindo ngati mbalame pawaya. Anapeza kampata pafupi ndi chitseko n'kuima. Woweruza anali mtsikana wamfupi, wachete, amene mkanjo unkamukwekwereza pansi. Wozenga mlandu anali mtsikana wina yemwe anzake ankamutcha Singano, ndipo atelala atangomumva akulankhula anavomereza kuti dzinalo linamukwana. Loya wa Wailesi anali mnyamata wamtali wachibwibwi, moti anthu atamuona anayamba kale kumutsanzika woimbidwa mlandu. Wailesi anali pa mpando wa Mayi Mpando, thukuta lili kamukamu, kwa nthawi yoyamba pakamwa pali potseka. Eni mpandowo anaima pakhoma, manja kumbuyo.

Singano anaitana mboni zake monyadira. Woyang'anira kalasi analumbira n'kunena kuti belu anaba ndi Wailesi. Loya wachibwibwi anadzuka, n'kulimbana ndi funso lake mpaka linatuluka: kodi anaona ndi maso ake? Mboniyo inati inamva kwa mnzake wokhala naye desiki limodzi. Anaitana mnzakeyo, yemwe anati anamva kwa mchemwali wake. Mchemwaliyo anati anamva pa mzere wa kumpopi. Loya uja sankasintha funso, ndipo ana a m'mawindo anayamba kumuthandiza kulimaliza likamukanirira pakhosi. Woweruza anamenya tebulo ndi chofufutira bolodi, fumbi la choko n'kumuyetsemulitsa. Atelala anazindikira kuti akhala akufinya chipewa chawo ngati akuchichapa.

Mboni yomaliza inali goloboyi wa timu ya mpira. Iyeyu anati sanamve kwa wina aliyense koma kwa Wailesi mwini, pampopi, pamaso pa atsikana. Akuti ananena kuti belu latenga tchuthi ndipo amene walipatsa tchuthicho ndi iye.

Holo yonse inawira. Singano anakhala pansi akumwetulira, ahedi n'kuyamba kusonkhanitsa makiyi awo. Atelala anayang'ana akazi awo. Mayiwo sanasunthe.

Loya wachibwibwi anadzukanso n'kufunsa goloboyi ngati Wailesi anali atawauzapo zinthu zina pampopi pomwepo. Goloboyi anakanda m'mutu. Anati anawauzapo kuti amalume ake amayendetsa ndege. Wina kumbuyo anawonjezera kuti anawauzanso kuti anapha njoka poiluma. Wina anakumbutsa za tsiku limene akuti anathamangitsa mbala zitatu ndi lamba. Anthu anaseka chikhakhali, ngakhale aphunzitsi ena anabisa nkhope m'mabuku.

"Z-zonsezo munazikhulupirira?"

"Ayi ndithu, amwene. Ameneyu timamudziwa."

"N-nanga za belu mwazikhulupirira bwanji?"

Kuseka kuja kunadukira panjira. Woweruza anatembenukira kwa Wailesi n'kumuuza kuti tsopano ndi nthawi yake, ndipo alankhule ali chikhalire. Mnyamatayo anagwira m'mbali mwa mpando ndi manja onse awiri. Mawu ake anali aang'ono, osakhala a wailesi. Anati belu sanalikhudze. Anati atamva kuti lasowa, anangofuna kuti atsikana amuyang'ane, ndipo anamuyang'anadi, koma mawuwo anathamanga kuposa mwini wake. Anati mayi ake sanawauze kuti wachotsedwa sukulu, chifukwa sakudziwa poyambira.

Woweruza anapinda manja a mkanjo. Ndiye anagamula kuti palibe amene anaona belu m'manja mwa woimbidwa mlandu, ndipo munthu sapatsidwa chilango pa zimene anthu anamva kwa anthu amene anamva. Pa mlandu wakuba, anamumasula. Koma anati bodza lake lasokoneza sukulu yonse, ndipo chilango chiyenera kufanana ndi cholakwa, osapitirira. Poti sukulu ilibe belu ndipo iye ali ndi pakamwa, belu akhale iyeyo mpaka lenileni litapezeka.

Ana a m'mawindo anadumphira pansi akukuwa. Singano anadzuka kuti achite apilo, koma palibe anamumva. Ahedi anapukusa mutu, n'kubweza makiyi m'thumba. Mawu awo anawasunga, ngakhale kwa masiku angapo sankawapatsa moni Mayi Mpando.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi yosintha phunziro ikakwana, Wailesi ankaima pakati pa bwalo n'kukuwa ngelengele ndi mphamvu zake zonse. Atelala ankamumva ali kushopu, n'kudziwa kuti yakwana nthawi ya tiyi. Patapita masabata, achiwiri kwa ahedi anabwerako kuchipatala kumene anagonekedwa mwadzidzidzi, belu lili m'chikwama, chigwiriro chili chatsopano. Anali atalitengera kwa owotcherera zitsulo tsiku limene anadwalalo, osauza munthu. Ana ena anadandaula kuti belu lapakamwa lija ndilo linkamveka bwino. Wailesi analemba mayeso, ndipo anakhoza mokwawa.

Mayi Mpando anapitiriza khoti lawo mpaka anapuma pa ntchito. Mkanjo unasokedwanso kambirimbiri, moti pomaliza zigamba zinachuluka kuposa nsalu. Kenaka miyendo inayamba kuwakanika, ndipo ankangokhala pa mpando wandalema pakhonde, pafupi ndi makina a amuna awo.

Masana ena kunabwera mlendo, bambo wonenepa woyendetsa basi, atanyamula mkate ndi shuga. Atelala anamuzindikira kuti ndi Wailesi asanalowe pageti, chifukwa anali atayamba kale kulankhula ali mumsewu. Anakhala pa sitepe n'kuyamba kusimba za mlandu wa belu, akuwonjezera mboni zimene kunalibe. Nkhani ili mkati, adzukulu awiri anatulukira akukokana, wamkulu akunena kuti wamng'onoyo wathyola sizasi ya agogo aamuna. 

Mayiwo anagwira m'mbali mwa mpando n'kuyesa kudzuka. Analephera. Anayesanso. Wailesi anaduka mawu, n'kuimirira, n'kuwapatsa mkono. Anawadzutsa pang'onopang'ono mpaka anatsamira khoma, ndipo iwo anaika manja kumbuyo.

"Khala apa, mwanawe. Tikumve."

Kamwanako kanakwera pa mpando, miyendo ili lendelende. Atelala anaimitsa makina, n'kusuzumira pamwamba pa magalasi awo.