Chitenge cha ba Ketrina

Ba Ketrina a ku Chinyunyu ndi katswiri wa nthungululu. Chipani chilichonse chikangowapatsa chitenge, kukhosi kumatseguka.

Pa kampeni ya 1996, ba Mordecai, ofuna kupita ku palamenti, anakuwa kuti mtsikana wochotsa mimba asamveredwe chisoni. Ba Ketrina analuluta monga mwa masiku onse, maso ali pagalimoto ya bwanayo. Kunyumba mwana wawo Misozi anali kutaya magazi, atachotsa mimba ndi kamtengo ka chinangwa.

Msonkhano utatha ba Ketrina anakagwada kwa ba Mordecai.

"Bwana, tiperekezeniko kuchipatala, mwana wadwala."

"Chavuta n'chiyani, amayi?"

"Malungo."

Pampando wa galimotoyo ba Ketrina anayalapo chitenge chatsopano cha kampeni, nkhope ya ba Mordecai yapachitengepo n'kumwa magazi njira yonse.

Misozi anachira. Chitengecho sichinachapike, ndiye ba Ketrina anangokapempha china.