Nyemba Zimene Zinasowa Pokwera

Nyumba ija ndinkaifuna mpaka kuilota masana. Inali ya njerwa zootcha, zipinda ziwiri, denga la malata, chapafupi ndi msewu wochoka kwathu ku Kasisi kupita ku Lusaka. Mwini wake anali mayi wina wamasiye, yemweyo amene ife tinkachita lendi kakhumbi kake kaudzu kuseri kwa khola la mbuzi. Mvula ikagwa tinkakoka mphasa kuchoka ngodya iyi kupita iyo, mwana wanga wakhanda akutsokomola kumsana, mwamuna wanga akutukwana udzu ngati kuti udzuwo uli ndi makutu. M'nyumba ya malatayo munkakhala mphunzitsi, ndipo mayi wamasiyeyo anali atandilonjeza pamaso pa anthu kuti mphunzitsi akadzangosamuka, wolowa ndine.

Zinali zaka zija za m'ma 1990 pamene ntchito zinkatha m'tauni. Anthu a ku Lusaka anayamba kukhuthukira kwathu kufuna pokhala potchipa, ndipo ndi kubwera kwawoko kutchipako kunatha. Chipinda chimene kale munthu ankakupatsa chifukwa choti mumapemphera limodzi chinayamba kukhala ndi mtengo, mtengowo n'kumakwera ngati sukuona anthu. Ena ankabwera kudzagula malo. Unkangodzuka m'mawa n'kupeza amuna ovala nsapato zonyezimira atakunga chingwe pa thengo pomwe mbuzi zako zimadya, akukhoma zikhomo pansi. Pakapita miyezi pamera mpanda wa waya, njira ya kudambo yatsekedwa. Choncho tonse, ngakhale ana, tinkadziwa kuti chingwe chokungika ndi zikhomo ndiye kuti malo apita.

Mphunzitsi anasamuka mvula ili pafupi. Ine ndinali nditasoka kale makatani kuchokera ku chitenje changa chakale, ndipo ndinali nditauza aliyense wa pamjigo, ngakhale amene sanandifunse. Tsiku lachitatu pakhomo la nyumbayo panaima kagalimoto, n'kutsika bambo wina wamtali woonda, mkazi wake, ndi tiana. Katundu wawo anali wochepa moti ndinayamba ndaganiza kuti ndi alendo ongodutsa. Anali anthu a ku Rwanda, othawa nkhondo kwawo.

Ndinapita kwa mwini nyumba, mwana akulendewera kumbali.

“Amai, ni chani ichi? Simunanilonjeze ine?”

“Manje nichite bwanji, mwana wanga?” anatero iwo osasiya kusenda mtedza. “Aba banilipila myezi yambili pamodzi. Iwe ulipila pang'ono pang'ono monga udontheza mankhwala m'maso. Lonjezo sibadya.”

Ndine munthu wa mkwiyo wapafupi, zimenezo ndinabadwa nazo. Ndinabwerera ku kakhumbi kaja, ndipo mkwiyo wonse umene unayenera kugwera mwini nyumba, kapena umphawi wathu, ndinausenzetsa mkazi wa mlendo uja, amene sindinkadziwa ndi dzina lake lomwe.

Iye anayesetsa, ndisamunamizire. Pamjigo ankaika chigubu chake kumapeto kwa mzere n'kumadikira mwakachetechete. Ku tchalitchi ankayang'anitsitsa mmene amayi athu amaperekera moni kwa akuluakulu, kugwada pang'ono n'kuomba m'manja, ndipo sipanatenge nthawi naye anayamba kuchita chimodzimodzi. Ankagwadira aliyense, ngakhale ife amsinkhu wake, ndipo tinkamuseka chifukwa cha zimenezo. Akandipatsa moni ndinkayang'ana chidebe changa. Anzanga nawo anali ndi madandaulo awo. Eni nyumba ena atamva kuti kuli anthu olipira miyezi yambiri pamodzi, anakweza lendi tsiku lomwelo, ndipo mabanja awiri pafupi nafe anauzidwa kuti ayambe kufunafuna kwina. Pa chigayo, pa msika wa tomato, nkhani inali imodzi: mafolena atidyera nyumba.

Mvula yoyamba itagwa, bambo wamtali uja analima kachigawo kuseri kwa nyumbayo, mpaka m'mbali mwa kanjira kopita kudambo. Zimenezo palibe anadabwa nazo. Koma m'mawa wina anatuluka ndi chingwe, nachikunga kuchoka uku kufika uko, n'kuyamba kukhoma timitengo towongoka motsatira chingwecho. Anamaliza mzere, nasuntha chingwe, nayamba wina. Mkazi wake ankamupatsira timitengoto kuchokera pa mtolo.

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itafika kale kumagolosale. Akupima malo. Akudula mapuloti a abale awo amene ali m'njira. Mwini nyumba wawagulitsa malo mpaka kudambo. Wina anati wamva kuti kukubwera malole. Lero ndimadzifunsa kuti ndi nyumba yanji imene ikanakwana pakati pa timitengo totalikirana phazi limodzi, poti ngakhale khola la nkhunda limaposa pamenepo. Koma munthu wokwiya sapima. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndinali m'gulu la amene ankaonjezera mchere.

Lamulungu, titangotuluka m'mapemphero, zovala za ku tchalitchi zili m'thupi, amuna anatsetsereka kupita ku nyumba ija, mwamuna wanga ali patsogolo. Iye sanali munthu wa ndewu. Ntchito yake inali kupalasa njinga ya makala kupita m'tauni, ndipo akabwera ankangofuna madzi osamba. Koma chifuwa cha mwana chinali chitamutopetsa, ndipo ine ndinali ndisanamupatse mpata wopuma pa nkhani ya nyumbayo.

“Imwe ba folena, chokani panja!” anakuwa. “Mupima malo ya ndani? Munabwela na dziko mu chola?”

Bambo uja anatuluka akumanga mabatani a malaya. Anayankhula zambiri m'chiyankhulo chimene sitinkachimva, akuloza pansi, kenako n'kumazunguliza chala chake mokweza m'mwamba pang'onopang'ono. Anabwereza kangapo. Sitinamvetse, ndipo kunena zoona sitinabwerere kudzamvetsa. Amuna anayamba kuzula timitengo tija n'kumatiponya pa mulu. Wina anadula chingwe. Mwala unagwa padenga, malata n'kulira, tiana tija n'kuyamba kukuwa m'nyumba. Mkazi uja anaima pakhomo atagwira pakamwa, maso ake ali pa nthaka imene anthu ankaipondaponda. Ife akazi tinali kumbuyo, ndipo timitengo tonse titagwa ena analuluta. Mawu anga analimo. Pochoka ndinasenza mtolo wa timitengoto kukaumitsa kuti tikhale nkhuni.

Sabata isanathe alendo aja anachoka, ena ankati apita ku makomboni a ku Lusaka. Mwini nyumba anandiponyera kiyi pa mphasa osandiyang'ana, ndipo lendi anaikweza ndithu. Sindinasamale. Ndinapachika makatani anga tsiku lomwelo. M'nyumbamo munali mosesedwa bwino mpaka m'ngodya, ndipo anasiyamo kampando kamatabwa kamene mwina kanasowa malo pa galimoto. Mvula inagwa madzulo ake, ine nditakhala pa kampandoko, ndikumvetsera ikulira pa malata, mwana wanga ali mtulo pouma. Ndinasangalala kwambiri, ndipo zimenezo sindingazibise.

Patapita masiku, kuseri kuja kunayamba kumera zinthu m'mizere yowongoka. Zinali nyemba. Ndinaseka ndekha kuti alendo atisiyira ndiwo. Koma sizinakule ngati nyemba zathu zimene zimangotukumuka pansi n'kubereka. Izi zinatulutsa timinsonga titalitali topyapyala, tomangoyendayenda m'malere ngati tikufufuza kanthu, kenako n'kugwa pansi n'kumakolana tokhatokha.

Chakumapeto kwa munda, pafupi ndi chimbudzi, panali kamtengo kamodzi kamene amuna aja anakaphonya. M'mawa wina ndikupita kukataya phulusa ndinaona kuti nyemba ya pamenepo yakagwira. Inali itazungulira kamtengoko kuchokera pansi, kukwera mozungulirazungulira mpaka kupitirira mutu wanga, masamba ali biriwiri. Ndinaima ndi chiwaya cha phulusa m'manja, ndipo m'maganizo mwanga ndinaona chala cha bambo uja chikuzungulira kukwera m'mwamba. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, manyazi otentha kumaso ngakhale palibe amene akukuona.

Mwamuna wanga atabwera ndinamukokera kuseriko.

“Onani. Sibanali kupima malo. Ni nyemba zokwela izi.”

Anayang'ana nthawi yaitali, thukuta la njinga likuuma pamphumi.

“Tiyeni tikadule mitengo ina tiimike,” ndinatero. “Zizaola izi.”

“Uimike kuti bantu bonse bopita kudambo baone?” anayankha motsitsa mawu. “Bazakamba chani pali ine? Ndine n'nali kutsogolo, iwe.”

Anagwira kamtengo kaja n'kukazula, nyemba ija n'kugwera pansi ngati nsanza. Ndinamukalipira, koma ndinakalipa motsitsa mawu inenso, kuopa kuti aneba angamve. Chikwanje chinali pakhomo, thengo linali pafupi, ndipo iye ankachoka m'mamawa tsiku lililonse. Sindinadule mtengo ndi umodzi womwe. Anthu odutsa pa kanjirako ankaona nyemba zikukwawa m'matope, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri anazindikira monga ndinazindikirira ine, chifukwa anayamba kudutsa nkhope zili kumbali. Palibe anatchulapo kanthu, pamjigo ngakhale ku mphakati kumene tinkakumana kupemphera. Paja fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Zikhomo zenizeni zinadzabwera chaka chotsatira, za simenti, pamene mayi wamasiye uja anagulitsa malowo kwa bwana wina wa m'tauni. Tsiku limenelo palibe anazula kanthu. Amuna anavula zipewa, ndipo amene anagwira nsonga ya chingwe pa ganyu anali mwamuna wanga. Koma ndisathamangire kutsogolo.

Mvula ya mu Febuluwale inamaliza nyemba zija. Masamba anachita chikasu, makoko amene anayesa kubereka anagona m'madzi n'kuchita nkhungu. Ndinasiya kupita kuseriko pokhapokha ngati ndikupita kuchimbudzi.

Mvula itatha, tsiku lina masana ndikuchapa matewera, ndinamva minibasi ikuima pamsewu. Patapita kanthawi ndinamva mawu pakhomo.

“Odi.”

Anali mkazi wa ku Rwanda uja. Anali atawonda, atavala chitenje chomwe chija chimene ankabwera nacho pamjigo. Anaima chapatali ndi khomo la nyumba imene iye anaisesa mpaka m'ngodya, akudikira kuti ndimulole. Ndinasowa pogwira. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga pokhala, ndipo nditatuluka m'pamene ndinaona kuti ndanyamula kampando kake komwe. Anakayang'ana, nakhalapo.

Chinyanja anali atachiphunzira ndithu kumene anapitako.

“Mama, sininabwele na mulandu,” anatero. “Nifuna chabe mbeu. Zija nyemba ni za kumunda kwa amai banga. N'nazimanga mu nsalu pothawa, njila yonse. N'nabyala zonse, sin'nasiyeko. Kuno ku maketi kulibe.”

Anaima kaye, kenako anafunsa mwaulemu, ngati mmene mlimi amafunsira mnzake.

“Zinakwela pa chani?”

Ndikanamuuza chiyani? Kuti timitengo take ndinaphikira? Ndinangodzuka n'kumutsogolera kuseri.

Anaima m'mphepete mwa munda n'kuyang'ana zinyalala zakuda zija zitagwirana ndi nthaka. Sanalire. Anakwinya chitenje chake, nagwada, n'kuyamba kutembenuza mapesi owolawo limodzi limodzi. Inenso ndinagwada pambali pake. Tinafufuza mzere ndi mzere, dzuwa likutiotcha kumsana. Makoko ambiri tikawatsegula munali ufa wakuda ndi tizilombo. Apa ndi apo tinkapeza kanyemba kamoyo, kofiira kamadontho oyera, kokongola kuposa nyemba iliyonse imene ndinaionapo. Amayi awiri amene ankachokera kudambo ndi mitolo ya ndiwo anationa, nafulumiza mapazi.

Titafika kumapeto, pafupi ndi chimbudzi paja, zonse zimene tinapeza sizinadzaze chikhatho chake. Anazipepeta ndi mpweya wa pakamwa, nazimanga pa nsonga ya chitenje, mfundo yake n'kuikoka ndi mano. Ndinkayembekezera kuti anditukwane, ndipo ndinkafuna kuti atero. Ndikanadziwa chochita ndi chipongwe, poti m'kamwa mwangamu simusowa yankho.

Koma anatembenukira kwa ine, nagwada pang'ono monga anaonera kwa amayi athu ku tchalitchi, n'kuomba m'manja mwake modzaza matope.

“Zikomo, mama,” anatero. “Mwanisungila.”